Dokotala wouma mtima sabadwa, timamuumba tokha m'wodi

Munthu akachokera ku chipatala atakhumudwa, madandaulo ake sasiyana kwenikweni ndi a mnzake. "Ntchito amaidziwa adokotala aja, koma mtima alibe." Wina amati, "Sanandiyang'ane n'komwe, amangolemba." Kenako pamapezeka wotonthoza amene amati chifundo n'chobadwa nacho, ena ali nacho ena alibe, ndipo palibe sukulu ingachiike mwa munthu. Ine amene ndagwira ntchito m'mawodi ndi kuyenda ndi ophunzira pakati pa mabedi a odwala, zimenezi ndimakana. Achinyamata ambiri olowa sukulu ya udokotala amabwera ndi mtima wofewa, ena wofewa mopitirira muyeso. Owaumitsa ndife akuluakulu awo pa ntchito, ndipo timawaumitsa osatsegula buku lililonse.

Muoneni wophunzira tsiku loyamba kutumidwa kukafunsa wodwala mbiri ya matenda ake. Amakoka mpando, amapereka moni, amafunsa kuti, "Agogo, mwagona bwanji?" ndipo yankho amalidikiradi. Amatha ola lathunthu pa munthu mmodzi n'kubwera ndi masamba odzaza, zina zofunika zina ayi. Mudzamuonenso pakatha zaka ziwiri. Waphunzira kuima kumiyendo kwa bedi, fayilo m'manja, maso pa pepala, n'kumati, "Bedi 14 ndi chiwindi chija, bedi 15 ndi shuga wovutavuta uja." Palibe mphunzitsi anaimapo m'kalasi kuwauza kuti munthu azitchulidwa ndi chiwalo chomwe chawonongeka. Anangotimva ife tikutero pa raundi, poyendera odwala bedi ndi bedi m'mawa uliwonse. Make mbuu, mwana mbuu.

Anthu ayesapo kuyeza kusinthaku. Mu 2009, Mohammadreza Hojat ndi anzake a ku Jefferson Medical College, ku Philadelphia, anatulutsa zotsatira za kafukufuku yemwe anatsatira ophunzira kuyambira polowa mpaka pomaliza sukulu. Anapeza kuti mtima womvera wodwala chisoni sunasinthe kwenikweni m'zaka ziwiri zoyambirira, zomwe ophunzira amathera m'kalasi ndi mu labu, koma unatsika m'chaka chachitatu, chaka chomwe amayamba kukhala ndi odwala tsiku ndi tsiku. Ena anatsutsa kuti kutsikako n'kochepa, komanso kuti ophunzirawo ankadziyeza okha poyankha mafunso a papepala. Kutsutsako n'komveka ndithu. Chomwe chimandiimitsa mutu ine ndi nthawi yake: bwanji zitsike pomwe munthu wafika pafupi ndi odwala? Frederic Hafferty ndi Ronald Franks anali atalemba kale mu 1994 kuti khalidwe la dokotala limaumbidwa kwambiri ndi maphunziro obisika, osalembedwa pa ndondomeko ya sukulu, omwe amaperekedwa m'makhonde, m'chipinda chopumira ndi m'nthabwala zomwe akuluakulu amaseka.

William Osler, amene anali mkulu wa madokotala pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore chitangotsegulidwa mu 1889, amatamandidwa chifukwa chotulutsa ophunzira m'kalasi n'kuwaimika pambali pa wodwala. Anachita bwino, ndipo palibe angafune kubwerera m'mbuyo. Koma wophunzira akaima pamenepo saphunzira kumvetsera mtima ndi mapapo kokha. Amaonanso ngati mkulu wake wapereka moni, ngati watseka katani asanavundukule wodwala, ngati wayankha funso la wodwazika kapena wangodutsa, ngati namwino wamulankhula ngati mnzake pa ntchito kapena ngati wantchito wa pakhomo pake. Zonsezo amaziloweza bwino kuposa mayina a mitsempha.

Tiyambe ndi kumvetsera, chifukwa ambiri amakuyesa ulemu chabe, chinthu chokometsera ntchito ngati nthawi ilipo. Mu 1984, Howard Beckman ndi Richard Frankel anajambula mawu a zokambirana 74 za madokotala ndi odwala ku America. Wodwala akayamba kufotokoza chomwe wabwerera, dokotala ankamudula pakamwa pakangotha masekondi pafupifupi 18. Odwala 17 okha mwa 74 aja ndiwo anafika kumapeto kwa zomwe ankafuna kunena. Ofufuza ena atabwereza mu 1999, anapeza masekondi 23. Sikuti madokotalawo anali oipa mtima. Timaphunzitsidwa kuti tikangomva "pachifuwa pakupweteka", m'mutu mutseguke mndandanda wa mafunso, ndiye timayamba kuwombera limodzilimodzi. Vuto n'lakuti chomwe wodwala amayamba kutchula si nthawi zonse chimakhala chomwe chamubweretsa. Chomuopsa amachisunga, amayamba waona kaye nkhope yanu. Dokotala aliyense amawadziwa mawu aja otuluka wodwala atagwira kale chitseko: "Adokotala, komanso pali kena kake..." Kena kakeko nthawi zambiri ndiye nkhani yonse.

Ndipo nkhani ya wodwalayo ndiyo chida chachikulu chopezera matenda. John Hampton ndi anzake analemba mu British Medical Journal mu 1975 za odwala 80 omwe anabwera koyamba ku chipatala. Mwa 66, dokotala anali atapeza kale matenda enieni atangowerenga kalata yowatumiza ndi kumva mbiri yawo. Kupima thupi kunathandiza mwa 7 ena, ndipo zoyeza za mu labu zinathandiza mwa 7 otsalawo. Inde makina apita patsogolo kwambiri kuchokera nthawi imeneyo. Komabe sikani, yomwe imajambula m'kati mwa thupi, imayankha funso lomwe mwaifunsa, ndipo funsolo limachokera m'kamwa mwa wodwala. Amene sanamvetsere amatumiza munthu kukajambulitsa mutu pomwe vuto lili kwina.

Ndikukumbuka amayi ena a zaka za m'ma 50 amene BP yawo inkakana kutsika. Fayilo yawo inali yonenepa. Aliyense wowaona ankawonjezera mlingo kapena kuikapo mankhwala ena, ndipo wina anali atalembamo kuti samvera malangizo. Tsiku lina anaonedwa ndi wophunzira wamkazi, wa manyazi, amene anali asanazolowere kuthamanga. M'malo mofunsa kuti "Mumamwa mankhwala?", funso lomwe aliyense amayankha kuti eya, iye anati, "Amayi, tandionetsani m'mene mumamwera." Amayiwo anamasula kachikwama n'kuyala timapaketi pa tebulo. Tina tinali titatsala pang'ono kutha, koma ta mankhwala okodzetsa tinali todzaza, tina tosatsegula. Anayang'ana pansi, kenako anati, "Mwanangu, awa ndikamwa m'mawa ndimangokhalira kuchimbudzi. Ntchito yanga ndi yoima tsiku lonse, ndipo abwana salola kuchokachoka." Ankamwa tsiku lopuma lokha. Sananame kwa aliyense, kungoti palibe anawapatsa mpata. Titasintha mankhwalawo, BP inayamba kumvera. Wophunzira uja pa raundi anadzudzulidwa ndi mkulu wina chifukwa chochedwa pa wodwala mmodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti pa maphunziro awiri a tsiku limenelo, lomwe linamulowa kwambiri ndi lachiwirili.

Apa anzanga a ntchito amandiimitsa. Amati, iwe ukulankhula ngati sudziwa mzere wa odwala panja paja. Ukakhala ola pa mmodzi, enawo awaone ndani? Sindingawanene kuti akunama. Kafukufuku wa Greg Irving ndi anzake wa mu 2017, yemwe anaunika mayiko 67, anapeza kuti nthawi yomwe dokotala woyamba kumuona wodwala amakhala naye imayambira pa masekondi 48 ku Bangladesh kufika mphindi 22.5 ku Sweden, ndipo m'mayiko 18, momwe mukukhala pafupifupi theka la anthu a dziko lapansi, imakhala mphindi 5 kapena kuchepera. Dokotala wa masekondi 48 simungamuuze za kumvetsera, muyambe mwamupezera anzake ogwira nawo ntchito. Uwo ndi mlandu wa maboma ndi oyendetsa zipatala, ndipo kuwuponya pa mutu wa dokotala wachinyamata n'kupanda chilungamo.

Koma mantha athu akuti wodwala tikamulekerera alankhula mpaka dzuwa kulowa alibe maziko. Ku Basel, m'dziko la Switzerland, Wolf Langewitz ndi anzake anapempha madokotala kuti asadule odwala pakamwa, n'kumayeza nthawi. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2002, zinaonetsa kuti odwala 335 omwe anali m'kafukufukuyu ankalankhula pafupifupi masekondi 92, ndipo 78 mwa 100 alionse anamaliza mphindi ziwiri zisanakwane. Mphindi ziwiri basi. Yerekezani ndi maulendo onse omwe amayi a BP aja anabwerera ku chipatala, ndi mankhwala omwe anawonongeka m'kachikwama. Kuthamanga kwathu nthawi zina ndiko kumatalikitsa mzere.

Palinso zina zosadya nthawi ngakhale pang'ono. Kate Granger anali dokotala wa matenda a okalamba ku England. Mu 2011, ali ndi zaka 29, anapezeka ndi khansa yosachiritsika. Atagona pa bedi ngati wodwala, anaona chinthu chomwe ali chiimire atavala za ntchito sankachiona bwino: ogwira ntchito ambiri ankabwera, kumugwira, kumubaya, osanena n'komwe kuti ndi ndani. Mu 2013 anayambitsa pa Twitter kampeni yopempha aliyense wosamala odwala kuti aziyamba ndi kutchula dzina lake. Inafalikira m'zipatala zambiri iye asanamwalire mu 2016. Taganizani, zinatengera dokotala amene akufa kuti akumbutse anthu ophunzira kwambiri chinthu chomwe mwana wamng'ono amachidziwa. Kukhala pansi nakonso n'chimodzimodzi. Kafukufuku wa ku University of Kansas wa mu 2012 anapeza kuti odwala ankaona ngati dokotala wakhalitsa nawo akakhala pampando kusiyana ndi akaimirira, ngakhale kuti nthawi yeniyeni sinatalike.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa cha nthawi, ndipo ndimachilemekeza. Amati dokotala akamamva ululu wa wodwala aliyense, sangakhalitse pa ntchito. Amene akutsegula mimba ya mwana m'thiyeta sayenera kunjenjemera manja poganizira mayi amene akulira panja. Zoona. Osler yemwe uja, potsanzikana ndi ophunzira a ku University of Pennsylvania mu 1889, anawauza kuti dokotala ayenera kukhala wodekha, wosatekeseka zinthu zikavuta. Ndipo ine nditadwala mwakayakaya, ndingasankhe dokotala wokwiyakwiya wodziwa ntchito kusiyana ndi womwetulira wosadziwa kanthu. Koma ndani ananena kuti tisankhepo chimodzi? Kudekha ndi kuuma mtima n'zosiyana. Wodekha amamva, koma amadziwa kuika zomwe wamvazo pambali mpaka ntchito ithe, kenako amatuluka, kuvula magolovesi, kukhala pansi ndi mayi uja n'kumufotokozera m'mawu omveka. Wouma mtima amatuma wophunzira kuti akanene. Choyambacho ndi luso, ndipo chimaphunzitsika ngati kusoka bala. Chachiwiricho ndi chomwe munthu amagwera akasiyidwa yekha ndi imfa yoyamba ya wodwala wake popanda womufunsa kuti zakukhudza bwanji. Francis Peabody wa ku Harvard, amene nkhani yake yotchuka yokhudza kusamala odwala inatuluka mu 1927, chaka chomwe iye mwini anamwalira ndi khansa, ankadandaula kale kuti sukulu zikutulutsa achinyamata odziwa kwambiri za matenda koma osadziwa kusamala munthu wodwalayo. Papita zaka pafupifupi 100, ndipo dandaulo lake silinakalambe.

Tsono pali mbali yomwe sitikonda kuikamba, ya m'mene timawachitira ophunzirawo eni ake. Pali akuluakulu amene amakhulupirira kuti kuchititsa munthu manyazi ndiyo njira yophunzitsira. Amamufunsa mafunso pamaso pa odwala, anamwino ndi anzake mpaka afike pomwe sadziwa, kenako n'kumufunsa kuti sukulu analowa bwanji. Amati nafenso tinadutsa momwemo ndipo tinakhwima. Kufunsa mafunso ovuta ndimagwirizana nako, chifukwa moyo wa munthu si wosewera nawo. Koma chipongwe sichinola nzeru. Mu 2015, Arieh Riskin ndi anzake ku Israel anayesa magulu 24 a madokotala ndi anamwino osamala makanda obadwa masiku asanakwane. Gulu lililonse linapatsidwa chidole choyerekezera khanda lodwala kwambiri, ndipo magulu ena anamva mawu onyoza pang'ono kuchokera kwa munthu amene anauzidwa kuti ndi katswiri wodzaonerera. Magulu onyozedwawo anachita moperewera pa kupeza matenda komanso pa kupereka chithandizo, ndipo anachepetsa kugawana zomwe akudziwa ndi kupempha thandizo. Ndiye kuti mkulu akakalipira wophunzira pa raundi, wolipira ndi wodwala wa pa bedi lotsatira.

Kuleka kupempha thandizoko ndiko kumandiopsa kwambiri. Ndaonapo dokotala wongoyamba kumene, usiku wa manda, ataima pa tebulo la anamwino foni ili m'manja. Wodwala wina kupuma kwasintha, BP ikutsika pang'onopang'ono. Akudziwa kuti china chake sichili bwino, koma sakudziwa kuti n'chiyani. Akuyang'ana nambala ya mkulu wake, akuyang'ana wotchi, akubwezanso foni m'thumba. Akuti ayambe wadikira kaye theka la ola. Namwino wachikulire amene wakhala akumuyang'ana chamchira ndiye anamuuza motsitsa mawu kuti, "Adokotala, imbani. Akakalipa, akalipe, koma abwere." Chomwe chinkamuletsa sichinali ulesi kapena umbuli. Anali atakalipiridwapo chifukwa chodzutsa munthu pa nkhani yomwe inadzaoneka yaing'ono, ndipo phunzirolo analisunga.

Mbiri ya ntchito yathu ili ndi chitsanzo chowawa cha zimenezi. Mu Malichi 1984, mtsikana wa zaka 18, Libby Zion, anagonekedwa m'chipatala china ku New York ali ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera. Ankamwa mankhwala a phenelzine, ndipo anapatsidwa pethidine, mankhwala awiri omwe akakumana m'thupi amatha kupha. Omuyang'anira usiku umenewo anali madokotala awiri ophunzira ntchito, okhala ndi odwala ena ambiri, ndipo mkulu wawo anangolankhula nawo pa foni. Pofika m'mawa anali atamwalira. Bambo ake, Sidney Zion, loya komanso mtolankhani, sanalole kuti nkhaniyo izizire. Mu 1989 boma la New York linakhazikitsa malamulo oti ophunzira ntchito asapitirire maola 80 pa sabata, ndipo mu 2003 lamulo lotere linafalikira m'America monse. Ku Ulaya malire ake ndi maola 48. Zoti kusowa tulo kumasokoneza ntchito n'zoona ndithu: Drew Dawson ndi Kathryn Reid anaonetsa mu 1997 kuti munthu amene watha maola 24 osagona amachita zinthu ngati woledzera mopitirira mlingo womwe mayiko ambiri amalola woyendetsa galimoto. Koma Bertrand Bell, dokotala amene anatsogolera komiti yomwe inapereka maganizo a malamulo a ku New York aja, ankanenetsa kuti anthu anagwira za maola n'kutaya chachikulu, chomwe ndi kuyang'aniridwa kwa achinyamatawa ndi akuluakulu awo. Maola ndi osavuta kuwerenga. Mkulu woti ungamuimbire usiku popanda mantha sawerengeka pa pepala.

Munthu wotopa, wamantha, wonyozedwa, chifundo angachitenge kuti choti apatse wina? Kafukufuku wa Lisa Rotenstein ndi anzake m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016, wophatikiza zofufuza za m'mayiko oposa 40, anapeza kuti ophunzira udokotala 27 mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, ndipo 11 mwa 100 anaganizapo zodzipha. Mu 2017 bungwe la World Medical Association linawonjezera m'lumbiro la madokotala la Geneva, lomwe linalembedwa koyamba mu 1948, mawu oti dokotala azisamalanso thanzi lake kuti athe kusamala bwino ena. Mawuwo ndi abwino. Kungoti wolumbirayo si amene amalemba ndandanda ya ntchito.

Wina anganene kuti khalidwe la ntchito yakale chonchi silingasinthe. Linasinthapo kale, ndipo mofulumira. Mu 1961 Donald Oken anafunsa madokotala a ku Chicago ngati amauza wodwala kuti ali ndi khansa, ndipo pafupifupi 90 mwa 100 alionse anati kawirikawiri sanena. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akumuteteza. Mu 1979 Dennis Novack ndi anzake atafunsa mafunso omwewo kwa madokotala ena, 97 mwa 100 anati amanena. Sizinatheke chifukwa choti kunabadwa mtundu wina wa anthu a mtima wabwino. Zomwe zinkaonedwa ngati zoyenera ndizo zinasintha, ndipo achinyamata anayamba kuona akuluakulu awo akukhala pansi kunena zoona.

Sukulu zambiri lero zimaphunzitsa kulankhula ndi odwala, ndipo zimayesa mayeso ake. Howard Barrows anayamba mu 1963 kugwiritsa ntchito anthu ophunzitsidwa kuyerekezera kudwala, ndipo Ronald Harden wa ku Dundee anafotokoza mu 1975 za mayeso omwe wophunzira amayenda chipinda ndi chipinda akuonetsa luso lake woyesa akuonerera. Zimenezi n'zothandiza, sindikuzinyoza. Koma ophunzira ndi ochenjera. Amaloweza kuti pa mphindi yoyamba utchule dzina, pa yachiwiri unene kuti "pepani kwambiri ndi zomwe mukukumana nazo", upendeketse mutu pang'ono, malikisi alowe. Akabwerera m'wodi n'kupeza kuti mkulu wolemekezeka kwambiri sachita chilichonse cha izi, amazindikira msanga kuti zina ndi za mayeso, zina ndi za ntchito.

N'chifukwa chake ndikuti tawayesa mokwanira ana, tsopano tiyese akuluakulu. M'zipatala zambiri zophunzitsira, munthu amakwezedwa poona nkhani za kafukufuku zomwe wasindikiza, maopaleshoni omwe wachita ndi zaka zomwe wagwira. Zonsezo n'zofunika. Koma pa tebulo lomwelo payenera kukhalanso zomwe ophunzira ake anena mosatchula mayina awo, zomwe odwala ndi odwazika anena, komanso makamaka zomwe anamwino anena, pakuti iwo ndiwo amakhalapo usiku ndipo amadziwa amene amabwera akaitanidwa ndi amene amatukwana pa foni. Amene amachititsa manyazi ophunzira athandizidwe kusintha, ndipo akakana, alandidwe ophunzirawo ngakhale manja ake ali a golide m'thiyeta. Apitirize kuchita maopaleshoni ake, koma asapatsidwenso ana oti azimuonerera m'mawa uliwonse.